Diso Lotsala pa Msewu wa ku Blantyre

Anthu akandifunsa kuti ku Blantyre kuli bwanji, ndimawauza kuti akafunse ena. Ndinapitako kamodzi kokha, ndinakhalako milungu isanu, koma mzindawo sindinauone. Chomwe ndingakufotokozereni ndi msewu wopita kumeneko, chifukwa ndinanyamuka kwathu ndi diso limodzi labwino, ndipo nkhawa yonse ya ulendowo inali yakuti kodi ndikafika nalo.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndalama ya kwacha itangobwera kumene, anthu pamsika akutchulabe masheleni. Kwathu ndi kuseri kwa mishoni ya ku Bembeke, kumapiri kolima kachewere ndi nyemba. Ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu yongoyamba. Inali mimba yachiwiri. Yoyamba inapita padera chaka cham'mbuyo mwake, patangotha sabata chimwereni mankhwala a malungo, aja owawa ngati ndulu. Amayi onse a pamudzi anagwirizana chimodzi, kuti mankhwala owawa ndi amene anachotsa mimbayo, ndipo ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse. Ndikunena izi poyambirira kuti mukamva zimene ndinachita m'basi musangonditenga ngati chitsiru. Uchitsiru unalipo, sindikana, koma unali ndi pochokera.

Kwathu mu Juni nkhungu imatsika mpaka pakhomo. M'mawa wina ndinadzuka n'kuona nkhungu monga mwa masiku onse, ndinakoleza moto, ndinasesa pabwalo. Dzuwa litakwera nkhungu inachoka paphiri, koma kumanzere kwanga inatsala. Ndinatikita diso, ndinasukusula kawiri, osasintha. Nditatseka diso lamanja ndi chikhatho, dziko lonse linazima. Disolo silinkapweteka, silinafiire, silinkatuluka manthongo. Linangosiya ntchito. Miyendo inali itatupa kalekale, mutu ukuwawa cha kunkhongo, koma zimenezo amayi anga ankati ndi mapasa.

Ndinabisa masiku awiri. Tsiku lachitatu ndikuthirira amuna anga madzi osamba m'manja, ndinathira pansi, manja awo ali pambali akudikira. Anaimirira, n'kunditseka diso lamanja ndi dzanja lawo lonyowa theka.

"Nabanda, ukundiona?"

Ndinangoyamba kulira.

Amuna angawo, a Phiri, anali mkamwini pamudzi pathu, kwawo ku Lobi. Anali munthu wa mawu ochepa, wolimbikira kudimba. Masiku amenewo chipongozi chinali chipongozi ndithu, osati zalerozi zomwe mkamwini amadyera mbale imodzi ndi apongozi ake uku akuseka. A Phiri ndi amayi ankathawana. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Sankayang'anana kumaso, sankadyera pamodzi, sankalankhulana. Mawu onse ankadzera mwa ine. "Uwauze amayi kuti nkhokwe yapendekeka." "Uwauze akamwini kuti ndamva." Zaka zitatu ndinali ine mlatho wawo, ndipo palibe mwa awiriwo amene anaganizapo zoti ndingasinthe mawu panjira.

Ananditengera panjinga kuchipatala cha kumishoni. Asisitere anandimanga lamba pamkono n'kupopa, anamasula, anapopanso, ndipo nthabwala zawo zinathera pomwepo. Anatitumiza ku boma tsiku lomwelo. Ku Dedza dokotala anandiunika m'maso ndi katochi, nkhope yake ili pafupi moti ndinkamva mpweya wake. Atatha anaitana a Phiri, n'kumalankhula nawo ine ndili chigonere pabedi.

"Bambo, m'kati mwa diso muli timitsempha ta magazi. Muli ndi dimba? Ngalande ikatsekeka ndi matope, bedi la kutsogolo limauma. Kumanzereku mtsempha watsekeka, ndipo ndikukayika ngati lidzaonenso. Mayi woyembekezera magazi ake amaundana msanga, tsono magazi a mayi awa akuthamanganso kwambiri. Nkhondo yathu tsopano ndi ya diso lamanjali, komanso moyo wawo ndi wa mwana. Dokotala wa maso ali ku Blantyre. Galimoto yathu yapita kale ndi odwala ena, ndipo diso silingaidikire. Mawa mukwere basi."

Analemba kalata, n'kupereka mapiritsi m'kapepala. "Katatu pa tsiku. Asalumphe, ngakhale kamodzi."

Panja a Phiri anandipatsa kapepalako. Za mimba ndi za amayi, mwamuna sazisunga. "Uwapatse amayi asunge. Uwauze kuti katatu pa tsiku, osalumpha."

Ndinapita kuseri kwa khonde ngati ndikukataya madzi, ndinatulutsa piritsi limodzi n'kulinyambita. Linali lowawa. Nthawi yomweyo mwana anagunda m'mimba, apa pansi pa nthiti. Dokotala anali pompo, chitseko chake chili chotsekula, ndikanatha kubwerera n'kumufunsa. Sindinafunse. Paja amati safunsa anadya phula. Ndinapita kwa amayi, omwe anali atatilondola wapansi kuchokera kumudzi, n'kuwapatsa kapepalako.

"Akuti musunge. Ndikamwe tikakafika ku Blantyre, dokotala wa kumeneko akakandiona."

Amayi anamanga mapiritsiwo pamfundo ya chitenje chawo. Kwa a Phiri ndinati ndamwa kale limodzi.

M'mawa mwake tinali pa depoti ya ku Dedza dzuwa lisanafunde. Ndalama ya basi inachokera pa matumba a kachewere omwe a Phiri anagulitsa mothamanga kwa wogula woyamba, mtengo wongotaya. Amayi anayenera kupita chifukwa chikuta ndi cha amayi. A Phiri anayenera kupita chifukwa ndi amene ankatha kuwerenga, ndipo ali mnyamata anadutsapo ku Blantyre popita kukathyola tiyi ku Thyolo. Choncho tinakhala pabenchi atatu, amayi kumapeto uku atatembenukira kukhoma, a Phiri kumapeto uko akuyang'ana msewu, ine pakati ndi mimba yanga.

Basi yochokera ku Lilongwe ankati ifika m'mawa. Inafika dzuwa litapendeka, ili yofiira ndi fumbi. Pakhomo pake panaima anyamata a chipani, aliyense wokwera aonetse khadi. Athu tinali nawo onse atatu. Mmodzi wa anyamatawo analoza mimba yanga ndi ndodo.

"Nanga uyu?"

Palibe anaseka, poti nthawi imeneyo kuseka posayenera kunkagonetsa munthu kwina. A Phiri anapisa m'thumba mwakachetechete n'kugula lachinayi. Mwana wanga anakhala ndi khadi asanakhale ndi dzina.

M'kati tinapeza mpando wa anthu atatu. Amayi anakhala kuwindo, kumanzere kwanga, mbali yomwe sindinkaona, ndipo anadziphimba tsaya ndi mpango. A Phiri anakhala chakunjira, theka la thupi lili m'malere, nkhope atatembenuzira kwa anthu a mbali inayo. Kutsogolo kwathu kunali bambo wina wachisilamu wovala kofia yoyera, a Saidi, omwe anali ndi sitolo ya nsalu pa Dedza ndipo ankapita ku Limbe kukaoda katundu. Anacheuka, anatiyang'ana, n'kumvetsa zonse.

"Achimwene, khosi limenelo likafika ku Blantyre lili chopindika chomwecho, akakugonekani ndinu m'chipatala."

A Phiri anamwetulira pang'ono. Amayi anatsokomola pansi pa mpango, ndipo ndikudziwa kuti chinali chiseko.

Tinadutsa pamphambano ya kwathu, ndipo ndinaona ndi diso langa limodzi njira yokwera ku Bembeke ikutsala m'mbuyo. Ndinkayang'ana chilichonse mwadyera, ngati munthu amene wauzidwa kuti mbale ichotsedwa posachedwa. Pa Lizulu basi inaima nthawi yaitali, anthu akukweza matumba a kabichi padenga. A Saidi anatiuza kuti msewu womwewo ndiwo malire, kuti wogulitsa tomato tsidya linalo ali m'dziko la Apwitikizi, ndipo anatitsina khutu kuti tisawoloke kukafuna pobisala chifukwa kumeneko kunali nkhondo. Amayi anapirira mpaka ku Ntcheu.

Msewu ankaukonza nthawi imeneyo. Pena phula, pena basi inkapatukira m'njira ya fumbi yodzaza mabampu, ndipo bampu lililonse linkandifika m'mutu ngati musi. Tisanafike pa Mlangeni tayala linaphulika. Tinatsika tonse, kondakitala ndi dalaivala akukangana za jeke. Ndinakhala pamwala. A Phiri anabwera, ananjuta pambali panga n'kulankhula motsitsa.

"Uwakumbutse amayi za mankhwala. Dzuwa lapita."

Ndinatembenukira kwa amayi, omwe anali chapatali pang'ono. Ndinapita, ndinakhala nawo, ndinawapempha madzi, ndinamwa, n'kubwerera.

"Ndamwa."

"Wachita bwino," anatero.

Mawu amenewo amandipwetekabe mpaka lero. Ankandikhulupirira munthu uja, ndipo panalibe njira ina yoti adziwire, poti mfundo inali pa chitenje cha munthu amene sankaloledwa ngakhale kumuyang'ana.

Ku Ntcheu tinafika dzuwa likulowa, ndipo basi inakagona ku Balaka. Tinagona pa depoti pamodzi ndi anthu ena onse, amayi mbali yawo, abambo mbali yawo. Kutacha, ife anthu a kumapiri tinali titavula kale majuzi. Mpweya wa kumeneko unali wolemera, ngakhale unali mwezi wozizira. Mphete yanga ya ukwati inali italowa m'chala. Mutu unali ngati wina waumanga ndi waya n'kumapotokola, ndipo m'diso lamanja munayamba kudutsa tinthu tonyezimira ngati ziphaniphani. Ndinachita mantha kwambiri. Koma mwana anagunda kawiri, mwamphamvu, ndipo ndinadziuza kuti mwaona, ali moyo chifukwa sindinamwe.

A Phiri anakatunga madzi pampopi n'kudzaza botolo lathu. "Piritsi la m'mawa?"

"Andipatsa kale."

Basi inachedwanso kunyamuka, akuti ankadikira matumba a makalata ochokera pa sitima. A Saidi anayala kansalu kawo kuseri kwa depoti n'kupemphera, atabwera anatigulira nthochi. Amayi anakana kudya pamaso pa mkamwini, anabisa yawo m'chitenje kuti adye akapeza mpata.

Pa Liwonde amayi anandigwira mkono. "Taona mtsinje uwo, mwanawe. Madzi onsewa akupita kuti?" Ndinasuzumira kuwindo. Ndinaona choyera chachitali kumbali uku ndi uku, koma pakati penipeni panali banga, ngati wina wadinda chala cha mwaye pagalasi. Ndinaphethira, bangalo linayenda nane. Ndinayankha kuti ndi waukuludi. Kunja anthu ankafuula malonda a nsomba, fungo lake linandibweretsa mseru, ndipo ndinatsamira mpando wa kutsogolo n'kutseka maso. Ndinkaganiza kuti ndikalipumitsa disolo, bangalo lichoka.

Titawoloka Shire msewu umayamba kukwera phiri la Kasupe. Basi inakwera ikulira, inasintha giya, inaliranso, kenaka inatsokomola n'kuima. Kutsogolo kunatuluka nthunzi. Kondakitala analumpha akufuula kuti abambo aike miyala kumatayala, ndipo tonse tinatsika mopanikizana. Poyamba anati ndi madzi chabe, injini izizire. Kondakitala anatsetsereka ndi chitini kukafuna madzi kukhwawa, anabwera, anathira, madziwo n'kutulukira pansi onse. Ndipo dalaivala anati paipi yaphulika, atumiza mawu ku Zomba ndi galimoto yoyamba kudutsa, makaniko abwere. Wina anafunsa kuti abwera nthawi yanji. Dalaivala anati akabwera tidzamuona.

Anthu anabalalika kufuna mithunzi. Ife tinakhala pansi pa mtengo wina m'mbali mwa msewu, mwa kakhalidwe kathu kaja, amayi uko atatifulatira, a Phiri uko, ine pakati. Tinakhala, tinakhala. Ana analira mpaka anatopa. Mayi wina anamasula nkhuku zake miyendo kuti zingafe ndi kutentha, imodzi inathawira kutchire, anthu n'kuithamangitsa, ndipo enawo anapeza choseka. Ine ndinkangomva. Ndinali nditatseka maso chichokereni pa Liwonde, ndipo ndinkaopa kutsekula.

Dzuwa lili paliwombo ndinamva mapazi a a Phiri.

"Nabanda, imwa madzi."

Ndinatsekula maso. Ndinaona nsapato zawo za matayala. Ndinaona nthambi za mtengo pamwamba. Pamene panayenera kukhala nkhope yawo panali mdima wozungulira, waukulu ngati lichero. Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire kapu, n'kugwira mphepo.

"A Phiri, nkhope yanu sindikuiona."

Ananjuta pafupi nane. "Mankhwala wamwa?"

"Ndamwa."

"Liti?"

"M'mawa, ku Balaka."

"Ndi madzi ati? Botolo ndadzaza ndine, ndipo ndalitsekula pano lili lodzaza."

Ndinamva akuika kapu pansi. Ndinamva akuimirira, ndipo mapazi awo sanabwerere komwe anachokera. Analowera kumanzere, kwa amayi. Anthu omwe anali pafupi, amene anationa chichokereni ku Dedza tikukhala mofulatirana, anasiya kulankhula. Ndinamva maondo a munthu akugunda pansi pa masamba ouma.

"Amayi, pepani, ndikulakwa. Mundikhululukire. Mapiritsi aja atsala angati?"

Ndikuganiza kuti amayi anayamba ayang'ana kumbuyo, kuona ngati akulankhula ndi munthu wina. Kenaka ndinamva nsalu ikumasulidwa, ndi kapepala kakuchita phokoso.

"Onse alipo, bambo. Si akuti akamwe ku Blantyre?"

"Ayi amayi. Anati katatu pa tsiku, kuyambira dzana. Anati akalumpha, diso linalo litsekeka."

Amenewo ndiwo anali mawu oyamba omwe anthu awiriwa analankhulana chikwatiwireni ine. Ndinkayembekeza kuti wina andikalipira, ndipo zikanandipepukira. Palibe anakalipa. Amayi anakwawa ndi maondo mpaka pomwe ndinali, anandigwira nkhope ndi manja awiri.

"Wachitiranji zimenezi?"

"Ndi owawa, amayi. Ndinalawa. Uja anachoka ndi owawa omwewa. Uyu ndisamutayenso, amayi, bola maso."

Amayi anapuma mozama. "Ndinakuuza ndine zimenezo," anatero. "Ndinakuuza ndine." Anandikanikiza piritsi pamilomo ndi chala chawo. "Yasamula. Akachoka uyu tidzalira limodzi, ine ndi iwe. Koma ukapita iwe, ine ndidzalira ndi yani?"

Ndinameza. A Phiri ndi amene anandigwirira kapu, amayi atandigwira mutu, mapewa awo akukhudzana, ndipo palibe anasuntha.

Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. A Saidi anali atamva zonse. Anapita kukaima pakati pa msewu ndi kofia yawo m'manja. Galimoto yoyamba inawalambalala. Yachiwiri inali ya boma, sinaime. Yachitatu inali lole yonyamula matumba a mpunga kupita ku Limbe, ndipo dalaivala wake anaima chifukwa akanapanda kutero akanawagunda. Ndinamva akukangana. Dalaivala ankati bwana wake saloleza kunyamula anthu, akamugwira ntchito itha.

"Mwana wanga," anatero a Saidi, "bwana wakoyo ndikalankhula naye ndine, ndimagula kwa anthu omwewo. Mayi uyu akuchita khungu tikumuona. Ukamusiya pano, madzulo ano ukadya bwanji?"

Anatitenga. Ine ndi amayi kutsogolo, a Phiri ndi a Saidi pamwamba pa matumba. Katundu wathu wina anatsala padenga la basi, mphika ndi mphasa, ndipo sitinazionenso.

Za ku Zomba ndilibe chonena, ndinangomva kuti mphepo yazizira ndipo galimoto zachuluka. Pamenepo lole inaima, a Saidi anatsika n'kubwera kuwindo kudzafunsa ngati sikungakhale bwino kundisiya pachipatala cha pomwepo. A Phiri anati kalata yalembedwa ku Blantyre, dokotala wa maso ali kumeneko, ndipo tikatsika pano sitidziwa kuti tidzanyamukanso liti. Anafunsa amayi maganizo awo, mwachindunji, ndipo amayi anati tiyeni. Kaya tinalondola kaya tinalakwa, sindidziwa. Pa Namadzi apolisi anatiimitsa, anaona kalata, anasuzumira nkhope yanga yotupayo, n'kutiuza kuti tipite. Njira yonseyo amayi ankapemphera kolona motsitsa, ndipo ndikangoti zii ankandigwedeza. "Ukuona chiyani tsopano?" Ndinkawauza kuti ndikuona dzanja la dalaivala ndi mpango wawo. Kutsogolo kwenikweni, komwe kunali msewu, kunalibe kanthu.

Dalaivala uja, amene ankaopa bwana wake, anapitirira pa Limbe n'kukatisiya pageti penipeni pa chipatala. A Saidi anatsika nafe, anaonetsetsa kuti andiika pa kabedi koyenda, anagwira a Phiri dzanja n'kupita kukaoda nsalu zawo. Sindinathe kuwathokoza bwino. Patapita zaka tinkawapititsira kachewere pa sitolo yawo nthawi yokolola.

Anandipopanso pamkono, ndipo anamwino anayamba kuyenda mothamanga. Dokotala wa maso anabwera komweko kuchipinda cha amayi oyembekezera, anandithira mankhwala m'maso, anaunika nthawi yaitali. Kudzera mwa namwino womasulira anati lamanzere lapita. Lamanja anati mtsempha wina watsekeka ndipo magazi atayikira pakati penipeni, pomwe munthu amaonera nkhope ndi ulusi wa singano, koma m'mbali mukadali moyo. Anati magazi sangatsike bwino mwana ali m'mimba, ayenera kumutulutsa tsiku lomwelo ngakhale masiku ake sanakwane. A Phiri anasaina. Amayi anati, "Sainani bambo," iwo asanafunse n'komwe.

Anabadwa mtsikana, wochepa moti amayi ankati akanakwana m'chipewa cha bambo ake. Anamusunga m'chipinda chofunda masiku angapo ndisanamugwire. Tinamutcha Marita.

Tsiku lina dokotala wa maso atabweranso, ndinalimba mtima n'kufunsa funso lomwe ndikanafunsa ku Dedza.

"Ndikanamwa mapiritsi aja, diso likanapulumuka?"

Namwino anamasulira, dokotala anayankha, namwino anazengereza pang'ono asanandiuze.

"Akuti sangakunamizeni. Mwina likanapulumuka, mwina ayi. Ena amamwa bwinobwino koma mtsempha n'kutsekeka ndithu. Koma akuti chimodzi akudziwa. Mapiritsi amene aja mwana sakanamuvulaza."

Ndinatembenukira kukhoma. Ndinalira tsiku limenelo kuposa tsiku lomwe ndinapita padera, chifukwa nthawi ija ndinali ndi choloza chala, pomwe apa chala chinkaloza ine ndemwe. Amayi anakhala pansi pafupi ndi bedi akundisisita phazi.

Pamene anandibweretsera Marita koyamba, ndinamuyang'ana monga mayi aliyense amayang'anira mwana wake, maso pankhope. Ndinaona m'mphepete mwa nsalu, ndinaona kaphazi kamodzi katatuluka kunja. Nkhope panalibe. Ndinamupapasa ndi zala, mphuno, makutu, kakamwa. Amayi ankandiuza kuti wafanana ndi bambo ake pachipumi, ndipo ine ndinkangovomera.

Panapita masiku anayi. Ndikumuyamwitsa m'mawa wina, munthu anagwetsa beseni kumapeto kwa chipinda, ndipo ndinatembenuza mutu kuyang'ana kumanzere komwe kunachokera phokosolo. Ndili chitembenukire chomwecho, m'ngodya ya diso lamanja, munalowa kanthu. Tsitsi lakuda lonyowa ndi thukuta. Tsaya likutakataka. Diso limodzi lotseka, ndi nsidze zopyapyala. Sindinapume. Ndinabwezera mutu kuti ndimuonetsetse, n'kuzimiririka. Ndinayang'ananso kumbali, n'kubwera. Ndinakhala choncho mpaka khosi linauma, nkhope ili kukhoma, ndikumuba mwana wanga ndi ngodya ya diso.

Pobwerera tinakwera basi yomwe sinafe paliponse, ndipo palibe chokamba. A Phiri ndi amayi anayambiranso kuthawana titangofika pamudzi, poti mwambo sufa ndi ulendo umodzi. Koma za mankhwala anga ankafunsana okha, wina ali kuseri kwa nkhokwe wina pakhonde, mokweza, ine osandidutsitsamo. Madokotala anatiuza kuti mimba ina ikhoza kunditengera chotsalacho, mwinanso moyo, choncho Marita anakhala yekha. Bangalo linachepako pang'ono m'miyezi yotsatira, koma silinachoke. Kulima ndimalima, kuphika ndimaphika, nyemba ndimasankha ndi zala. Nkhope ya munthu ndiyo sindinaionenso moyang'anana nayo.

Marita ali ndi zaka zinayi, tsiku lina anabwera kuchokera kosewera ali ndi nkhani yoti andiuze. Anaima patsogolo panga, ndipo ine monga mwa chizolowezi ndinatembenuzira nkhope kumbali. Anayamba kulankhula, kenaka anasiyira pakati.

"Amayi, mwandikwiyira?"

"Ayi mwanawe. Bwanji?"

"Nanga bwanji ndikamalankhula mumayang'ana uko? Amake Rozina amamuyang'ana Rozina."

Ndinamukoka, ndinamukhazika pamwendo. Ndinamuuza kuti maso a amayi ake anadwala iye asanabadwe, kuti ndikamuyang'ana sindimuona, ndipo ndikayang'ana uko m'pamene ndikumuona bwinobwino, ndi mamina ake omwe. Anaganiza kanthawi. Anatsika, anazungulira, n'kukaima cha kuphewa langa lamanja.

"Pano?"

"Pomwepo."

Anapitiriza nkhani yake ija, ya chule yemwe anamupeza m'mtsuko. Lero Marita ali ndi zidzukulu zake, tsitsi layamba imvi, akutero anthu. Koma akabwera kudzandiona, moni amapereka ali pakhomo, kenaka amazungulira mwakachetechete n'kudzakhala cha kuphewa langa lamanja, kuti amayi ake amuone.